Mkangano wa zithunzi zopanda kamera

Man Ray ankakonda kunena kuti luso limene linamutchukitsa analitola mwangozi. Bambo wa ku America ameneyu, yemwe dzina lake lobadwa nalo linali Emmanuel Radnitzky, anafika ku Paris mu Julayi 1921 ali ndi zaka 30, ndipo ya sopo ankaipeza pojambula madiresi a katswiri wa mafashoni Paul Poiret. Usiku wina akutsuka zithunzi m'chipinda chake ku hotela, pepala lina losajambulidwa linalowa nawo m'mankhwala. Anadikira, koma silinatuluke kanthu. Mosaganizira n'komwe anasanjikapo fanulo yagalasi, kapu yoyezera mankhwala ndi kachipangizo koyezera kutentha, kenaka n'kuyatsa getsi. Pamene panafika kuwala pepala linada bii, pamene panatchingika panatsala mbee, ndipo galasi lija linasiya mithunzi yopindika ngati utsi. Kamera inali phee pakona, yosakhudzidwa.

Zithunzi zoterezi anazipatsa dzina lake lomwe, rayograph. Mu 1922 anatulutsa 12 pamodzi, mawu otsogolera atalemba Tristan Tzara, mmodzi wa atsogoleri a Dada, gulu la aluso limene linkanyoza miyambo yakale ya zaluso.

Apa ndi pamene pagona mkangano. Tzara yemweyo anali kale ndi zithunzi za mtundu womwewu za Christian Schad, Mjeremani amene cha m'ma 1919 ku Geneva ankatola timapepala, nsanza ndi zinyalala zina n'kuzisanjika papepala lojambulira. Kodi Man Ray anali asanazione, pamene iye ndi Tzara ankachezerana pafupipafupi? Ine zimandivuta kuvomereza, ngakhale mwiniwake anaumirira nkhani ya ngozi ija mpaka kukalamba. Nakonso ku Berlin mu 1922, László Moholy-Nagy ndi mkazi wake Lucia anali kuchita zomwezo, ndipo dzina limene iwo anakonda, photogram, ndi limene lakhazikika mpaka lero.

Koma onsewa ankalimbirana munda wolimidwa kale. William Henry Fox Talbot wa ku England ankasanjika masamba papepala lopakidwa mankhwala m'zaka za m'ma 1830, ndipo mu 1843 mayi Anna Atkins anayamba kutulutsa zithunzi zabuluu za ndere za m'nyanja, kamera osaigwira. Kungoti iwowa ankafuna kusunga maonekedwe enieni a chomera. Man Ray ankafuna zosiyana: kuti chinthu chodziwika, kiyi kapena chipeso, chisanduke chachilendo moti woona ayambe wadzifunsa kuti n'chiyani.

Chimene sangamulande ndi zimene anachita mu Julayi 1923. Tzara anamuuza mochedwa kuti dzina lake lili kale pandandanda wa msonkhano wa Dada ku Théâtre Michel, nyumba ya zisudzo ya ku Paris, ndipo anthu akuyembekezera kanema. Kanemayo kunalibe. Man Ray anadula filimu yosajambulidwa m'zidutswa, n'kuiyala patebulo mumdima. Zidutswa zina anaziwaza mchere ndi tsabola ngati akukoleretsa nyama, zina anamwazapo mapini ndi timisomali tokhomera mapepala, n'kuyatsa getsi kwa kamphindi. Atatsuka analumikiza ndi zina zochepa zimene anajambula kale ndi kamera. Kanatuluka kakanema ka mphindi pafupifupi zitatu, Le Retour à la raison, kutanthauza kubwerera m'nzeru. Dzinali linali nthabwala, chifukwa pachinsalu pankavina timadontho ngati matalala ndi mapini akuluakulu odumphadumpha. Kumata filimu sankakudziwa bwino, choncho inaduka ili mkati moonetsedwa. Usiku womwewo kunabuka ndewu pa sewero la Tzara, wolemba ndakatulo André Breton n'kuthyola mkono wa munthu ndi ndodo, mpaka kunabwera apolisi.

Ngozi ina inabwera cha m'ma 1929, mayi wa ku America Lee Miller atayamba kugwira ntchito ndi Man Ray. Miller ankasimba kuti kanthu kena kanamuyenda paphazi mumdima, iye n'kuyatsa getsi ndi mantha zithunzi zisanathe kutsukidwa. Zinatuluka ndi mzere wakuda wozungulira thupi la munthu, mbali zina kuwala ndi mdima zitasinthana. Izinso akatswiri ankazidziwa kuyambira zaka za m'ma 1860, koma ankaziyesa zithunzi zoonongeka. Awiriwa anazisandutsa luso lochita kufuna. Kwa zaka zambiri ulemu wa luso limeneli unkapita kwa Man Ray yekha, chonsecho amene anayatsa getsi uja anali Miller.