Maphunziro a otsogolera alendo: mafunso ndi mayankho kwa amene akufuna kulembetsa

Kodi kutsogolera alendo kumafunikadi sukulu? Si kungodziwa malo basi?

Zimatengera dziko limene mukufuna kukagwirako ntchito. Ku South Africa, lamulo la zokopa alendo la 2014 limaletsa munthu kutsogolera alendo molipidwa asanalembetse ku ofesi ya chigawo chake. Kuti amulembe, amafunika satifiketi ya maphunziro ovomerezedwa ndi CATHSSETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zokopa alendo, komanso satifiketi ya chithandizo choyamba kwa wovulala. Ku Britain kulibe lamulo lokakamiza, koma malo otchuka a ku London ngati Tower of London ndi Westminster Abbey, kupatula antchito awo, amalola otsogolera okhawo amene ali ndi baji yotchedwa Blue Badge. Choncho musanalipire sukulu iliyonse, fufuzani kaye ngati pepala lake limadziwika kumene mudzaligwiritse ntchito.

Maphunzirowa amatenga nthawi yaitali bwanji?

Muyezo wa mayiko a ku Ulaya wotchedwa EN 15565, wa mu 2008, umati maphunzirowa asachepere maola 600, ndipo maola 240 mwa amenewa akhale oyeserera ntchito yeniyeni. Ku London, wofuna Blue Badge amaphunzira chaka ndi theka kapena kuposerapo. Alipo maphunziro a masabata ochepa, koma nthawi zambiri amakulolani kutsogolera pamalo amodzi okha.

N'chifukwa chiyani amatiika m'gulu limodzi ndi anthu osawadziwa? Sindingaphunzire ndekha pa intaneti?

Mbiri ya malo, zomera, nyama ndi kamangidwe ka nyumba mungathe kuwerenga nokha. Koma ntchitoyi ndi yoimirira pamaso pa anthu amene simunawaonepo, n'kuwachititsa kuti akumvetsereni. Anzanu a m'kalasi ndiwo alendo anu oyamba. Mmodzi ndi mphunzitsi wopuma pantchito, wina wangomaliza kumene sukulu, wina anali dalaivala, wina chilankhulo cha m'kalasimo si chake. Abale anu angakuombereni m'manja ngakhale mutalankhula zosamveka, awa ayi. Mukatalikitsa nkhani mudzaona maso awo akuthawira kwina, ndipo limenelo ndi phunziro loti buku silingakupatseni.

Kunena zoona, masabata oyamba amakhala owawa. Mphunzitsi amakuitanani kutsogolo, mumalankhula mphindi zingapo, kenako gulu lonse limanena zomwe laona: munayang'ana pansi, mawu anathera m'khosi, munaloza chinthu koma simunanene kuti chili mbali iti. Mawa lake ndinu mukuuza mnzanu zomwezo. Amene amakwiya akadzudzulidwa savutika ndi mayeso okha, adzavutikanso ndi alendo.

Nanga poyeserera amaphunzitsa zotani kwenikweni?

Zinthu zooneka zazing'ono zomwe mlendo amazimva msanga zikasowa. Musayambe kulankhula womalizira asanafike. Yang'anani gulu, osati chipilala chomwe mukufotokozacho. Dzuwa liwombe inuyo m'maso, osati alendo. Wina akafunsa, bwerezani funsolo mokweza kuti akumbuyo alimve. Werengani anthu musananyamuke paliponse, ndipo musatsekere ena njira.

M'basi muli zakenso. Mumakhala kutsogolo ndi maikolofoni, alendo ali kumbuyo kwanu, ndiye mawu okha ndiwo akugwira ntchito. Muyenera kutchula chinthu basi isanachidutse, n'kunena ngati chili kumanja kapena kumanzere. Mukachedwa pang'ono, anthu akutembenuza makosi kufunafuna nyumba yomwe yatsala kale m'mbuyo. Basi ikaima pamzere wa magalimoto, mukhale ndi nkhani yosungira.

Ndine wamanyazi. Ndingakwanitse?

Inde. Amanyazi ambiri amakonzekera bwino ndiponso amaona mlendo amene watopa kapena watsalira. Amene amavutitsa aphunzitsi kawirikawiri ndi olongolola, chifukwa kuwaphunzitsa kusiya kulankhula n'kovuta kuposa kuphunzitsa wamanyazi kukweza mawu.

Mayeso amakhala otani?

Amakhala a mitundu iwiri: olemba ndi ochita. Pa ochitawo, oyesa amayenda nanu pansi, m'basi kapena m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, anzanu aja akukhala ngati alendo. Mwina simudziwiratu malo amene mudzaitanidwire, choncho mumakonzekera njira yonse. Amayang'ana ngati zomwe mukunena n'zoona, ngati mukumveka, ngati mukusunga nthawi ndi chitetezo cha gulu. Akakufunsani chomwe simukudziwa, vomerani n'kulonjeza kufufuza. Kupeka yankho n'kudzigwetsa nokha.

Kodi anzangawa sadzakhala opikisana nane pantchito?

Adzakhaladi, koma otsogolera ambiri amagwira ntchito paokha, ndipo tsiku limene wina wadwala kapena wapatsidwa magulu awiri, amaimbira munthu amene anamumvapo akutsogolera. Ntchito zoyamba zambiri zimabwera choncho. N'chifukwa chake mmene mumachitira pokonzekera ntchito ya pagulu, kusunga nthawi ndi kugawana zolemba, zimakumbukiridwa.

Ndikakhoza, ndiye kuti zatha?

Ayi. Ku South Africa kulembetsa kumatha pakapita zaka 3, ndipo pokonzanso amafuna satifiketi ya chithandizo choyamba yomwe sinathe ntchito. Kulembetsako kumakhalanso ndi malire: wolembetsedwa pamalo amodzi kapena m'chigawo chimodzi sangatsogolere dziko lonse asanawonjezere maphunziro. Ndi bwinonso kulowa m'bungwe la otsogolera alendo la m'dziko lanu. Mabungwe ambiri otere ali pansi pa WFTGA, chitaganya cha padziko lonse chomwe chinayamba mu 1985, ndipo mamembala ake amakumbukira tsiku la otsogolera alendo pa 21 February chaka chilichonse.