Kodi amayi adangothamangira ulimi nthawi imodzi ku America?

Pali mphekesera yoti amayi ambirimbiri adayamba ulimi mwadzidzidzi ku United States, ati chifukwa kalembera wa mafamu wa 2017 adapeza kuti mwa alimi 100 alionse, 36 ndi amayi. Nambalayo ndi yoona, koma nkhaniyo ndi yokokomeza. Chomwe chidasintha kwambiri ndi mafunso. Kale chidwi chinkapita kwa munthu mmodzi woyendetsa famu, ndipo kawirikawiri amene ankalembedwa anali bambo. Mu 2017 nthambi ya boma la America yoona zaulimi, USDA, idayamba kufunsa za onse opanga ziganizo pafamupo, mpaka anthu anayi. Mayi amene wakhala akusunga mabuku a ndalama kapena kuyang'anira ziweto zaka zonsezi, osawerengedwa n'komwe, adalowa m'kaundula. Manambala a kalembera wam'mbuyo, wa 2012, adasonkhanitsidwa ndi mafunso akale aja, choncho n'kovuta kuwayerekeza ndi a 2017.