Yanikani pachingwe, sitani musanavale: uthenga wa kachapidwe ka zovala ndi zofunda

Mvula ikayamba, kuchokera Novembala mpaka Epulo, makolo ambiri amafika kuchipatala ndi mwana amene watuluka zotupa kumsana, m'matako kapena m'ntchafu. Chotupa chilichonse chimakhala chofiira, chopweteka, ndipo pamwamba pake pamaoneka kabowo kotuluka timadzi. Mwana wodziwa kuyankhula amadandaula kuti m'katimo mukuyenda kanthu. Mumumvere, sakunama: muli mphutsi. Chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri mphutsiyo imabwera ndi malaya kapena thewera lochapidwa bwinobwino, lomwe linangoyanikidwa pamalo olakwika.

Mphutsi zimenezi zimachokera ku ntchentche ina yofiirira imene akatswiri amaitcha Cordylobia anthropophaga. Ntchentcheyi siluma munthu. Imaikira mazira pamthunzi, padothi kapena pamchenga pomwe panagwera mkodzo kapena chimbudzi, komanso pa zovala zonyowa. Pasanathe masiku atatu mazirawo amaswa, ndipo timphutsi tosaoneka bwino ndi maso timadikira mpaka titakhudza khungu lofunda. Tikalowa, timakula kwa masiku 8 mpaka 12. Agalu ndi makoswe nawonso amagwidwa, n'chifukwa chake pakhomo pomwe agalu amagona paliponse vutoli silichedwa.

Choncho zovala ziyanikidwe pachingwe kapena pawaya, padzuwa lenileni. Paudzu, pampanda, pazitsamba kapena pansi pa mtengo wa mango ayi. Tikudziwa kuti nthawi ya dzinja dzuwa limavuta, ndipo amayi ambiri amaanula zovala zisanaumitsitse pothawa mvula. Zikatero musazipinde n'kuika m'chikwama. Ziyanikeninso pakhonde kapena m'nyumba momwe mukupita mphepo, kenako musite. Kusita sikungokongoletsa chovala. Kutentha kwa simbi, kaya ya makala kaya ya magetsi, kumapha mazira ndi timphutsi. Sitani kunja ndi m'kati momwe, ndipo mutsindike simbi m'misoko, m'makolala ndi m'chiuno momwe muli lastiki, chifukwa m'menemo ndi momwe nsalu imachedwa kuuma. Zimene anthu amaziona ngati zosafunika kusita ndizo zofunika kwambiri: matewera, zovala zam'kati, nsalu yoberekera mwana, matawulo ndi nsalu za pabedi.

Ngati mphutsi yalowa kale, musang'ambe ndi lezala kapena kutokosa ndi singano. Imapumira pakabowo kaja, ndiye mukamatapo Vaseline wambiri imasowa mpweya n'kusendera kunja, ndipo mutha kuitulutsa pofinya pang'onopang'ono m'mbali mwa chotupacho ndi manja osamba. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi aukhondo. Koma ngati chotupa chili pafupi ndi diso kapena kumaliseche, ngati zotupa ndi zambiri, ngati ndi khanda, kapena thupi latentha, pitani kuchipatala.

Mphere ikalowa m'nyumba

Mphere imayamba ndi tizilombo timene timaboola khungu n'kuikiramo mazira. Kuyabwa kumakula usiku, makamaka m'mipata ya zala, m'mikono, m'khwapa ndi m'chiuno. Imafala pokhudzana khungu kwa nthawi yaitali komanso pofunda chofunda chimodzi, motero imakonda malo ogona anthu ambiri monga sukulu zogonera komweko, ndende ndi misasa ya anthu othawa kusefukira kwa madzi. Si matenda a anthu auve okha, ndipo palibe chifukwa chobisira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linaiika m'gulu la matenda osalabadiridwa mu 2017.

Mankhwala opaka monga benzyl benzoate amachiza, koma banja lonse lilandire chithandizo nthawi imodzi, ndi omwe sakukanda omwe, pakuti munthu atha kukhala nayo masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi asanayambe kumva kuyabwa. Tsiku lopaka mankhwala likhalenso tsiku lochapa. Zovala, matawulo ndi zofunda zonse zimene zagwiritsidwa ntchito masiku atatu apitawo zinyikidwe m'madzi otentha kwambiri kwa mphindi zosachepera 10, zichapidwe ndi sopo, ziyanikidwe padzuwa, zisitidwe. Bulangete lolemera kapena jekete losachapika mulimange m'thumba la pulasitiki kwa sabata imodzi. Tizilomboti sitikhalitsa masiku oposa awiri kapena atatu popanda khungu la munthu. Kuyabwa kumatha kupitirira masabata angapo mankhwala atagwira kale ntchito, choncho musamangopakapaka musanafunse achipatala.

Kochapira nakonso

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi. Zovala ndi zofunda zimene wodwala kolera wasanzirapo kapena kutsegulirapo m'mimba zisapite kumtsinje, kunyanja, pachitsime kapena pamjigo. Ziwiritseni, kapena zinyikeni m'madzi a klorini monga momwe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuuzireni, kenako muzichape. Madzi ochapirawo atayidwe m'chimbudzi, ndipo wochapayo asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya kapena mwana. Matewera a mwana aliyense, wodwala kapena ayi, chimodzimodzi: chimbudzi chake chiyambe chatayidwa m'chimbudzi, ndipo achapidwe m'beseni laokha.

Amene mumachapira kudambo, kumtsinje kapena m'mphepete mwa nyanja, kumbukirani likodzo. Tizilombo take timachokera ku nkhono za m'madzi ndipo timalowa pakhungu munthu ataimirira m'madzimo. Ndi bwino kutunga madzi a pamjigo n'kukachapira kunyumba kusiyana ndi kuima m'madzi mpaka m'mawondo m'mawa wonse, ana akusewera pambali.

Chinthu chimodzi chokha chisaone dzuwa kapena simbi: neti yoteteza udzudzu. Ichapeni ikada basi, ndi madzi ozizira ndi sopo wamba, osaimenyetsa pamwala, ndipo muiyanike pamthunzi italendewera osakhudza pansi. Dzuwa limafooketsa mankhwala opha udzudzu amene ali mu ulusi wake, ndipo neti zambiri zinapangidwa kuti zipirire kuchapidwa ka 20 kokha. Madzi ochapira neti musawataye mumtsinje kapena padziwe, amapha nsomba.