Mapiritsi owonjezera magazi mwamwa koma magazi sakukwera: titani?

Munthu akamwa mapiritsi owonjezera magazi kwa mwezi wathunthu, kusintha kumayenera kuoneka. Tikamubaya chala n'kuyeza pa kamakina kaja, nambala ya Hb, yosonyeza kuchuluka kwa magazi m'thupi, imayenera kukwera ndi 1 kapena kuposerapo pakatha masabata atatu kapena anayi. Mayi woyembekezera amene anali pa 8.5 timayembekezera kumupeza cha pa 9.5 kapena 10. Nambala ikangokhala pomwepo, kapena ikatsika, ndiye kuti chilipo chikutsekereza, ndipo kumupatsanso paketi ina ya mapiritsi omwewo sikumuthandiza. Zimandiwawa ndikatsegula buku la kuchipatala la mayi wa kuno kunyanja n'kupeza mwezi ndi mwezi alembamo dzina la mapiritsiwo, Fefol, Fefol, Fefol, popanda ndi nambala imodzi yomwe ya Hb pambali pake. Mwini buku akuyenda pang'ono n'kupuma, m'manja muli mbee, koma palibe amene wafunsa chifukwa chake.

Malire ake ndi awa. Bungwe la WHO limati magazi achepa Hb ikatsika kuposa 13 kwa bambo, 12 kwa mayi wosayembekezera, 11 kwa woyembekezera. Woyembekezera akatsika kuposa 7, moyo wake ndi wa mwana uli pachiswe. Kalembera wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015-16 adapeza kuti amayi 33 pa 100 aliwonse anali ndi magazi ochepa, ndipo pakati pa oyembekezera anali 45 pa 100. Gawo lalikulu la vutoli ndi kusowa kwa ayironi, mchere umene thupi limapangira mbali yofiira ya magazi, ija yonyamula mpweya.

Funso langa loyamba limakhala lakuti kodi mapiritsiwo akumezedwadi. Sindifunsa mokalipa, chifukwa munthu ukamukalipira amangoti "ndikumwa, adokotala." Ndimati, "Mayi, mapiritsi ajawa ambiri amawavutitsa m'mimba, inu akukuchitani bwanji?" Apo m'pamene amamasula mfundo ya chitenje, kapepala kapulasitiki n'kutuluka kali kodzaza, mapiritsi atamatirirana ndi thukuta. Wina anasiya chifukwa cha nseru, wina kudzimbidwa, wina anaopa ataona chimbudzi chakuda, wina anauzidwa ndi apongozi kuti mwana akula kwambiri avutika pobereka. Chimbudzi chakuda pamene mukumwa ayironi si matenda, ndi ayironi wotsala amene thupi silinatenge. Zakuti mwana akula mopitirira si zoona. Chimene chimapha pobereka ndi kutaya magazi uli kale ndi ochepa.

Nseru ndi kudzimbidwa zili ndi njira yake. Piritsi lingamwedwe usiku pogona, kapena mutadyako kanthu kochepa. Kwa ena timati azimwa lero, mawa n'kudumpha. Izi zimadabwitsa anthu, koma zili ndi maziko. Chiwindi chimatulutsa kanthu kotchedwa hepcidin kamene kamalamula kuchuluka kwa ayironi wolowa kuchokera m'matumbo. Mukamwa piritsi, hepcidin amakwera n'kukhala pamwamba pafupifupi tsiku lathunthu, ndiye piritsi lachiwiri la tsiku lomwelo limalowa pang'ono chabe, lotsalalo n'kumangovutitsa m'mimba. Ofufuza a ku Zurich adaonetsa zimenezi cha m'ma 2015 ndi 2017. Choncho kumwa atatu patsiku poganiza kuti magazi abwera msanga n'kudzizunza. Ngati muli woyembekezera, musasinthe nokha kamwedwe, kambiranani ndi anamwino kusikelo. Ndipo mapiritsiwa muziika patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri angathe kufa.

Pali amene amamwa mokhulupirika koma amamwera tiyi. Tiyi wamasamba amagwira ayironi m'mimba momwemo n'kutuluka naye. Mkaka nawo umatero, komanso mankhwala oyera aja a kutentha pamtima, magnesium trisilicate, amene amayi oyembekezera amapatsidwa kawirikawiri. Siyanitsani ndi maola awiri. Chothandiza ndi zowawasa: madzi a malambe, gwafa, mango, lalanje, ndimu. Malambe ali mbwee m'misika ya ku Salima, ndipo amaposa chakumwa chilichonse cha m'botolo chimene anthu amagula poti n'chofiira ngati magazi. Kufiira kwa chakumwa, kaya kwa madzi ophitsa masamba a mapeyala, sikukhala ndi ayironi woti n'kudzutsa wodwala. Kulakalaka dothi la pachulu nakonso ndi chizindikiro cha kusowa ayironi, ndipo dothilo limatchinga piritsi kuti lisalowe bwino. Usipa wodya wathunthu, chiwindi, nyama, nyemba, bonongwe zimathandiza, makamaka ku Nkhotakota kumene nsima yake ndi kondowole, amene alibe ayironi wokwanira. Koma magazi akatsika kufika pa 8, ndiwo zokha sizingawabweze.

Tsono tifike pamene ndimataya nthawi yambiri, chifukwa kuno kwathu m'pamene pamagona nkhani. Munthu angamwe bwinobwino, ayironi n'kumalowa, koma magazi akutuluka kwina, ngati bwato lobooka limene mukukapa madzi osatseka pobowokapo. Likodzo ndiye woyamba kumuganizira. Amene amachapa ndi kusamba m'nyanja ku Senga Bay kapena ku Chipoka, amene amaima m'madzi tsiku lonse powokera mpunga ku Lifuwu kapena m'madambo a Bua, asodzi okoka khoka, onsewa tizilombo ta likodzo timawalowa pakhungu. Timaikira mazira m'chikhodzodzo, ndipo magazi amadontha pang'onopang'ono kwa zaka. Ambiri amaganiza kuti likodzo ndi la anyamata okodza magazi. Wamkulu angakhale nalo mkodzo ukuoneka woyera, magazi ake n'kupezeka pokhapokha tauyeza. Mwa amayi mazirawo amafikanso kunjira ya chiberekero, n'kumayambitsa kutaya magazi pakati pa msambo kapena pokhala malo amodzi ndi abambo, ndipo ambiri amapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana mobwerezabwereza pamene vuto ndi likodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, womwa tsiku limodzi molingana ndi kulemera kwa thupi. Njoka za m'mimba zolowera kumapazi zimayamwa magazi m'matumbo, ndipo albendazole amazichotsa. Woyembekezera amamwa albendazole ikadutsa miyezi itatu yoyamba.

Msambo wochuluka ndi njira ina imene amayi samaitchula pokha atafunsidwa. Ngati umapitirira masiku 7, ngati mumatuluka zimagulu, ngati mumadzuka usiku kusintha nsalu, nenani. Nthawi zina ndi zotupa za m'chiberekero, ndipo ayironi sangapambane mpaka kutayako kutachepetsedwa. Koma bambo, kapena mayi amene anasiya kusamba, akapezeka kuti akusowa ayironi, ine sindigona tulo. Anthu amenewa alibe njira yachibadwa yotayira magazi. Timaganizira zilonda za m'mimba, makamaka kwa amene amagula Brufen, aspirin kapena Indocid pa okala tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana, ndipo timaganiziranso khansa ya m'mimba kapena ya m'matumbo. Wotereyu akufunika kutumizidwa kuchipatala chachikulu, monga Kamuzu Central ku Lilongwe, akamuunike m'mimba ndi kapaipi kokhala ndi kamera. Kumusunga pa mapiritsi miyezi isanu ndi umodzi n'kumuchedwetsa.

Hepcidin uja amakweranso thupi likamalimbana ndi matenda. Malungo, TB, HIV yosamwera mankhwala bwino, matenda a impso, zonsezi zimatseka khomo la ayironi m'matumbo. Ndiye poyamba timachiza matendawo: LA wa malungo, Fansidar wa kusikelo, kugona m'neti, ma ARV osadumphitsa. Ndiponso si kuchepa kwa magazi kulikonse kumene kumachokera ku ayironi. Kafukufuku wa ana odwala kwambiri kuchepa magazi ku Blantyre ndi ku Chikwawa, amene adatuluka mu 2008, adapeza kuti mwa anawo zoyambitsa zazikulu zinali malungo, tizilombo ta m'magazi, njoka za m'mimba, HIV ndi kusowa kwa vitamini A ndi B12, osati ayironi kwenikweni. Palinso matenda obadwa nawo a sickle cell. N'chifukwa chake mapiritsi akakanika timafuna magazi a pamkono, ayezedwe mokwanira kulabu ya chipatala cha boma. Maselo ofiira akakhala aang'onoang'ono amaloza ku ayironi, akakhala akuluakulu amaloza ku B12 kapena folic acid. Kuyeza kwa ferritin, kumene kumaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi, n'kothandiza koposa, ngakhale sikupezeka paliponse.

Zonsezi zitaonedwa, alipo anthu amene piritsi silingawathandize basi. Wina amasanza nthawi iliyonse akamwa. Wina matumbo ake satenga. Wina ali ndi mimba ya miyezi 7, Hb ili pa 8, ndipo masabata otsalawo ndi ochepa kuti mapiritsi afikepo. Kwa amenewa pali ayironi wa m'dripi, wolowa m'mtsempha mosadzera m'matumbo. Mtundu wakale, iron sucrose, umaperekedwa mamiligalamu 200 pa ulendo umodzi, ndiye munthu amabwera kangapo, zimene n'zovuta kwa wochokera kutali wolipira kabaza. Mtundu watsopano, ferric carboxymaltose, umalola mamiligalamu okwana 1,000 m'mphindi 15 zokha. Dripi yake imaoneka yoderako ngati tiyi wopanda mkaka. Mukatha mumakhala pabenchi mphindi 30 tikukuyang'anirani, kenako n'kumapita kwanu. Si magazi a munthu, ndipo kwa amene chikhulupiriro chawo sichilola kuikidwa magazi, imeneyi ndi nkhani yofunika kuidziwa nthawi ikadalipo.

Chonyaditsa n'chakuti umboni wina waukulu wa mankhwalawa udachokera kuno ku Malawi. Kafukufuku wotchedwa REVAMP, amene mmodzi mwa atsogoleri ake anali Pulofesa Kamija Phiri, adatenga amayi oyembekezera 862 ku Zomba ndi ku Blantyre, a mimba za pakatikati, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2023. Pofika sabata ya 36, chiwerengero cha amayi a magazi ochepa sichidasiyane kwambiri pakati pa a dripi ndi a mapiritsi, koma kusowa kwa ayironi kudachepa kwambiri mwa a dripi, ndipo mankhwalawo adaoneka kuti ndi osaopsa. Kafukufuku wachiwiri adachitikira m'zipatala zazing'ono za ku Zomba pa amayi 590 a mimba zokhwima, ndipo pamenepo kusiyana kudaoneka: poyandikira kubereka, pafupifupi 47 pa 100 a dripi ndiwo anali adakali ndi magazi ochepa, poyerekeza ndi 63 pa 100 a mapiritsi. Ine pa manambalawa ndimaonapo ziwiri. Dripi ingaperekedwe ndi anamwino pachipatala chaching'ono. Komanso pafupifupi theka la amayi adatsalabe ndi magazi ochepa ngakhale adalandira ayironi wokwanira, kusonyeza kuti malungo ndi matenda ena aja akadali ndi gawo lawo.  Vuto ndi mtengo, ndipo m'zipatala zambiri zakumudzi sanafike. Ndikulakalaka atafika m'maboma a kunyanja kuno, kumene amayi ambiri amayamba sikelo mimba itakula kale.

Dripi ili ndi malamulo ake. Sitipereka m'miyezi itatu yoyamba ya mimba, kapena munthu ali ndi malungo kapena kutentha thupi kosadziwika chifukwa. Ena amamva kutentha kumaso, kuthina pachifuwa kapena kuwawa msana ikamalowa. Timaimitsa kaye, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha. Kudana koopsa kwa thupi ndi mankhwalawa kumachitika mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake isamaperekedwe kunyumba kapena m'kachipinda ka wogulitsa mankhwala. Ikatayikira kunja kwa mtsempha imasiya banga lakuda pakhungu lokhalitsa, choncho mukamva kuwawa pa singano nenani msanga. Ferric carboxymaltose amathanso kutsitsa mchere wa phosphate, makamaka kwa olandira mobwerezabwereza, munthu n'kumamva kufooka ndi kuphwanya m'mafupa. Ndipo musayembekezere kudzuka mawa lake muli ndi mphamvu. Thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti liyambe kuonetsa kusintha, ndipo timayezanso pakatha mwezi.

Kuikidwa magazi ndi kwa pangozi. Munthu amene akubanika atangokhala, mtima ukuthamanga, mapazi atatupa, wakomoka, kapena akutaya magazi pakali pano, asadikire piritsi kapena dripi ya ayironi, athamangire naye kuchipatala cha boma usiku womwewo. Magazi amene a Malawi Blood Transfusion Service amatolera ndi ochepa, makamaka nthawi ya tchuthi cha sukulu ndi nyengo ya dzinja pamene malungo achuluka, ndipo botolo limodzi limangokweza Hb ndi 1 mwa munthu wamkulu. Akatuluka m'chipatala amafunikabe ayironi, ndipo chimene chinamutayitsa magazi chifufuzidwebe.

Mukapita kusikelo kapena kukaonana ndi dokotala mwezi uno, tengani buku lanu ndi mapiritsi otsala, ngakhale atakhala onse. Funsani kuti, "Magazi anga anali pa chiyani ulendo watha, nanga lero ali pa chiyani?" Pemphani alembe nambalayo ndi deti lake. Ngati sinakwere, pemphani akuyezeni malungo, mkodzo ndi chimbudzi, ndipo funsani ngati dripi ya ayironi ikupezeka pamenepo kapena kumene angakutumizeni. Ngati yakwera n'kufika pabwino, pitirizani mapiritsi miyezi ina itatu, chifukwa Hb imabwerera msanga pamene ayironi wosungidwa m'chiwindi ndi m'mafupa asanadzaze.