Kuunika m'mimba ndi kamera: zoti mudziwe musanakwere chapa

Pa kapepala kamene adokotala akupatsani palembedwa mawu a Chipwitikizi akuti endoscopia digestiva alta, kapena mwachidule EDA, ndipo pansi pake pali tsiku, ola, ndi mawu ena awiri akuti em jejum. Ambiri olandira kapepala kotere ndi anthu oti m'mimba mwawasautsa kwa miyezi: kuwotcha pansi pa chifuwa, chilungulira, kukhuta msanga, kugeya pafupipafupi, ululu wodzutsa pakati pa usiku. Amwa magnesium, amwa omeprazole, ena afika ndi kwa asing'anga, koma gwero la vuto silikudziwika. Dzanja la dokotala likakanikiza pamimba limangopeza pamene pakupweteka. Kuti adziwe chimene chikupweteketsacho, pafunika diso lifike m'kati.

Disolo lili kunsonga kwa kapaipi kofewa, kotalika pafupifupi mita imodzi, konenepa mamilimita 9 kapena 10, ngati chala chanu chaching'ono. Kunsongako kuli kamera ndi getsi, ndipo m'kati mwa kapaipiko muli tinjira todutsa mpweya, madzi, ndi kachitsulo kotengera kamnofu kokayeza. Kamalowera pakamwa, kutsika njira ya chakudya, kufika m'chifu, n'kupitirira mpaka gawo loyamba la matumbo aang'ono. Zonse zimaoneka pa sikirini. Sang'amba paliponse, simugonekedwa m'chipatala, ndipo ntchito yeniyeniyo imatenga mphindi 5 mpaka 15. Munthu wochokera ku Ulongwe, Domwe, Tsangano kapena Furancungo amatha maola ambiri panjira yopita ku chipatala mu mzinda wa Tete ndi ndalama zosachepa chifukwa cha mphindi zimenezi, ndiye n'zowawa kumubweza chifukwa cha chinthu chimene chikanapewedwa kunyumba.

Chimene chimabwezetsa anthu ambiri ndi chakudya. Em jejum ndiye kuti m'mimba mukhale mopanda kanthu: maola osachepera 6 musanalowe, ndipo zipatala zambiri zimati 8. Ngati mwaitanidwa m'mawa, idyani chamadzulo chopepuka msanga, kenako basi. Nsima yambiri ya nyemba kapena nyama yonona imachedwa kuchoka m'chifu, makamaka kwa munthu wa shuga kapena amene chilonda chapanikiza potulukira chakudya. Pali maganizo ofala akuti chakumwa si chakudya, ndiye munthu amamwa kapu ya thobwa pokwera chapa (minibasi), kapena agogo amapatsidwa phala lamadzimadzi "kuti asakomoke panjira". Thobwa, phala, maheu, tiyi wamkaka, zonsezi ndi chakudya. Zimamata pakhoma la chifu ngati matope pagalasi, ndipo kachilonda kakang'ono kamabisala pansi pake. Choopsa koposa n'chakuti pakhosi pakachita dzanzi, zam'mimba zikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo, zimene zimayambitsa chibayo. Mukalakwitsa n'kudya, nenani. Kubisa kuti musataye malo n'kudziika pangozi.

Madzi okha oyera amaloledwa pang'onopang'ono mpaka maola 2 musanalowe, pokhapokha ngati chipatala chanena zina. Izi musazinyozere. Kutentha kwa mu mzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wozolowera mphepo ya ku Angónia amafooka msanga akakhala pamzere wopanda dontho kukhosi kuyambira dzulo. Ngati muli ndi achibale ku Matundo kapena ku Moatize, kugona kumeneko usiku wa dzulo lake kuli bwino kuposa kuyenda ulendo wonse ndi njala.

Nkhani ya mankhwala ndi yofunika kuikambirana tsiku limene mukulandira kapepala, osati m'mawa wa tsiku loyezedwa. Tengani mapaketi onse amene mukumwa, ngakhale ogula pamsika ndi achikuda omwe. Omeprazole ndi anzake amachepetsa asidi, chilonda chimayamba kuphimbika, ndipo kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori kamachepa moti poyeza sikapezeka ngakhale kalipo. N'chifukwa chake nthawi zambiri amakuuzani kusiya omeprazole masabata 2 musanayezedwe, ndiponso kuti pakhale patapita masabata 4 chimwereni maantibayotiki monga amoxicillin kapena metronidazole. Koma musasiye panokha, makamaka ngati munasanzapo magazi. Omwa warfarin, clopidogrel kapena aspirin wa mtima auze adokotala msanga, chifukwa mankhwala amenewa amachedwetsa kuundana kwa magazi, komanso kuwasiya mwachisawawa kuli ndi ngozi yake. A shuga apemphe kukhala oyambirira m'mawa ndipo afunse za insulin, metformin kapena glibenclamide wa tsikulo. Kumwa mankhwala otsitsa shuga m'mimba muli njala kungakugwetseni pabenchi. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a khunyu ndi ma ARV kawirikawiri amamwedwa pa nthawi yake ndi kamadzi kochepa. Ngati muli oyembekezera, muli ndi mphumu kapena vuto la mtima, kapena mankhwala ena anakutulutsanipo ziwengo, nenaninso.

M'chipindamo mudzavula magalasi ndi mano oikirira. Dzino logwedera litchuleni. Adzakupoperani pakhosi mankhwala ochititsa dzanzi otchedwa lidocaine. Ndi owawa mkamwa, ndipo pakapita mphindi zochepa mumamva ngati pakhosi patupa. Sipanatupe, langokhala dzanzi. Kumalo ena amaperekanso jakisoni wa mumtsempha, monga midazolam, wokupangitsani kuwodzera ndi kuiwala zambiri. Anthu ochuluka amayezedwa ndi mankhwala opopera okhawo ndipo amapirira bwino. Mudzagona chammbali, kumanzere, kachipangizo kakukupanani chala kuti kaone mpweya wa m'magazi, ndipo pakamwa adzaikapo kapulasitiki kobowola pakati koti mulume, koteteza mano anu ndi kapaipi komwe.

Povuta ndi poyamba, masekondi ochepa pamene nsonga ikudutsa pakhosi. Thupi limafuna kukabweza, misozi imatuluka, ndipo apa ndi pamene mantha amauza munthu kuti akubanika. Simungabanike. Kapaipi kamalowa m'njira ya chakudya, pamene njira ya mpweya ili payokha kutsogolo, yotseguka. Akakuuzani kuti mezani, mezani kamodzi, kenako ikani maganizo onse pa kupuma: kokani mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, tulutsani mofatsa, mapewa ali pansi. Malovu asiyeni azitsikira pansalu, anamwino adzawayamwa ndi kachipangizo kawo. Dokotala amapopera mpweya kuti chifu chifutukuke n'kuonetsa makwinya ake onse, ndiye mudzamva kukhuta ndipo mudzageya mokweza. Palibe chamanyazi pamenepo. Chimene tikupemphani ndi chakuti musagwire kapaipi n'kukakoka, chifukwa kutero ndiko kungakuvulazeni. Gwirizanani ndi anamwino musanayambe kuti mukakweza dzanja ayambe aima. Akamatenga kamnofu kokayeza, kamene papepala amalemba kuti biópsia, simumva ululu. Kamakhala kakang'ono ngati njere ya mapira.

Ena amafunsa ngati chipangizo chimene chalowa mwa wina sichingawapatse matenda. Funso ndi labwino. Akatha munthu aliyense amachitsuka ndi sopo wapadera, kupititsa burashi m'tinjira take, kuchiviika m'mankhwala opha tizilombo kwa nthawi yoikika, kuchitsukuluza ndi kuchiumitsa. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mzere umayendera pang'onopang'ono.

Zopezeka ndi zosiyanasiyana. Kufiira kwa khoma la chifu, kumene amalemba kuti gastrite, n'kofala. Zilonda za m'chifu kapena za poyambira matumbo zili ndi magwero awiri akuluakulu. Loyamba ndi Helicobacter pylori uja, amene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anamuonetsa poyera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ntchito imene inawapatsa mphoto ya Nobel mu 2005. Kachilomboka munthu amakatenga kawirikawiri ali mwana ndipo kamakhala m'mimba zaka zambiri. Lachiwiri ndi mankhwala a ululu monga ibuprofen, diclofenac, indometacin ndi aspirin, amene alimi ambiri amamwa tsiku ndi tsiku nyengo yolima chifukwa cha msana ndi mawondo, nthawi zina mitundu iwiri pamodzi, m'mimba mulibe kanthu. Kachasu ndi fodya zimachedwetsa chilonda kupola. Kwa munthu amene chitetezo chatsika, njira ya chakudya imatha kuyera ndi mafangasi, kumeza n'kumapweteka, ndipo zimachizika ndi fluconazole. Kwa amene anakulira m'mbali mwa Zambezi kapena nyanja ya Cahora Bassa, likodzo la m'matumbo limatha kuumitsa chiwindi n'kutupitsa mitsempha ya m'njira ya chakudya. Mitsempha imeneyi ikaphulika munthu amasanza magazi ambiri, koma ikaoneka msanga pali mankhwala ndiponso njira yoimanga ndi timphira.

Palinso khansa, ndipo sitingaizembe. Khansa ya kum'mero ndi yofala m'chigawo chino cha Africa, ndipo dziko la Malawi, limene ife a ku Mozambique tagundana nalo malire ku Zobwe ndi ku Calomue, lili m'gulu la mayiko amene matendawa ndi ochuluka kwambiri padziko lonse. Munthu amene nsima yayamba kuima pachifuwa, amene wayamba kufewetsa chakudya kapena kuthira madzi pa mbamu iliyonse, asadikire kuti afike polephera ndi phala lomwe. Chimodzimodzi amene akuwonda popanda chifukwa, kusanza kosalekeza, kuchepa magazi, kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, chonanda ngati phula. Awa auze adokotala mawu amenewa momveka kuti tsiku lawo lifulumizidwe. Wosanza magazi sadikira tsiku la papepala, amapita ku chipatala nthawi yomweyo.

Koma anthu ambiri opweteka m'mimba opanda zizindikiro zoopsazi amauzidwa kuti zonse zili bwino, ndipo ena amatuluka okhumudwa ngati ataya ndalama. Sanataye. Adziwa kuti chilonda palibe, chotupa palibe, ndipo ululu wawo ndi weniweni ndithu: chifu chikhoza kukhala chosachedwa kumva kupweteka kapena chochedwa kupititsa chakudya ngakhale chikuoneka chosalala, ndipo thandizo lake lilipo. Kumbukiraninso kuti kamera imeneyi siona ndulu, chiwindi, impso kapena matumbo aakulu. Miyala ya mu ndulu imapezeka ndi ecografia, yomwe ndi sikani yoyendetsa pamwamba pa mimba, njoka zam'mimba zimapezeka poyeza chimbudzi, ndipo kwa akuluakulu ululu wa pansi pa chifuwa nthawi zina umachokera ku mtima.

Mukatuluka musadye kapena kumwa kwa ola limodzi, mpaka dzanzi lithe, chifukwa mungatsamwe. Yambani ndi kamadzi, kakatsika bwino idyani chofewa. Pakhosi pamakanda tsiku limodzi kapena awiri, mimba imadzaza mpweya kwa maola ochepa. Ngati munabayidwa jakisoni wowodzeretsa, kwa maola 24 musayendetse galimoto, njinga yamoto kapena yakapalasa, musamwe mowa, musasainire za ndalama, ndipo musabwerere nokha. Bwerani ndi wokuperekezani wamkulu amene adzamvenso zimene adokotala anena, pakuti inuyo mukhoza kuziiwala musanafike pa siteji. Ngozi zazikulu, monga kubooka kwa njira ya chakudya kapena kutaya magazi, sizichitika kawirikawiri, koma zizindikiro zake muzidziwe: ululu waukulu pachifuwa, pakhosi kapena pamimba umene ukukulirakulira, kutentha thupi, kupuma movutikira, kusanza magazi, chimbudzi chakuda. Zikaoneka, thamangirani ku chipatala chapafupi ndi pepala la zotsatira m'manja.

Pepala limenelo lijambuleni pafoni tsiku lomwelo ndipo pemphani akufotokozereni m'chilankhulo chanu musanachoke. Zimene diso laona mumauzidwa pompo, koma zotsatira za kamnofu zimatenga masabata. Funsani tsiku lokazitenga ndi khomo lake, ndipo siyani nambala ya foni imene imagwira kumudzi kwanu. Ululu ukachepa anthu ambiri sabweranso, pamene yankho lenileni lili mu emvulopu imeneyo.

Akapeza Helicobacter pylori mudzapatsidwa omeprazole pamodzi ndi maantibayotiki awiri kapena kuposerapo, kawirikawiri kwa masiku 14. Mapilisi ndi ambiri, mkamwa mumawawa, ena amatsegula m'mimba pang'ono, koma kusiyira panjira kumasiya tizilombo tolimba tosamvanso mankhwala. Ngati mwa mankhwalawo muli metronidazole, mowa ayi. Omwa ma ARV okhala ndi dolutegravir asamwere pamodzi ndi magnesium kapena mankhwala ena a chilungulira okhala ndi aluminiyamu, chifukwa amatsekereza ARV kulowa m'magazi: imwani ARV maola 2 musanamwe enawo, kapena maola 6 mutawamwa. Ndipo ngati chilonda chinali m'chifu mwenimweni, adokotala adzakuitananinso pakapita masabata 6 mpaka 8 kuti aone ngati chapola, chifukwa khansa ya m'chifu nthawi zina imayamba ikuoneka ngati chilonda wamba. Tsiku limenelo lilembeni pamalo oonekera, ndipo yambani kusunga ya chapa.