Akalandira Ulimbitso, n'chifukwa chiyani amasowa?

Tsiku la sakramenti la Ulimbitso mu Mpingo wa Katolika, tchalitchi chimadzaza mpaka ena kumasuzumira pazenera. Ambuye Episkopi akudzoza mafuta pachipumi, amayi akululutira, mzere wa achinyamata sukutha. Koma pakapita chaka, yang'anani m'mabenchi Lamulungu m'mawa: ambiri a iwo kulibe. Ena ali kwa aneneri, ena angokhala kunyumba ndi foni m'manja.

Timafulumira kunena kuti ana a masiku ano ndi osamva, koma gwero lili pena. Mwana uja anavina m'gulu la ana la Tilitonse, analoweza mayankho a katekisimu, anatumikira paguwa kapena kuimba kwaya. Zonsezi n'zabwino, kungoti n'zapagulu. Choti achite akatsala yekha, palibe anamuphunzitsa. Ndiye akapita kusekondale yogonera komweko, kukoleji kapena ku Joni, gulu limatsala kumudzi, chikhulupiriro n'kutsalanso komweko. Papa Francis, m'kalata yake yopita kwa achinyamata ya mu 2019, Christus Vivit, anaika patsogolo mfundo zitatu: Mulungu amakukonda, Khristu amakupulumutsa, ndipo Khristuyo ali moyo. Munthu wamoyo timayankhula naye. Ntchito ya makolo, akatekisiti ndi atsogoleri a achinyamata ndiyo kuphunzitsa kuyankhulako.

Yambani ndi mphindi khumi patsiku, osapitirira. Wachinyamata amene wabwera kuchokera ku mbindikiro mtima uli m'malere amalonjeza ola lathunthu, sabata isanathe n'kusiya, kenako n'kumadziona wolephera. Nthawi ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, makamaka m'mawa asanagwire foni. Pemphero loikidwa pa nthawi yogona limathera m'tulo. Malo akhalenso amodzi: pakhonde, pansi pa mtengo wamango, kapena m'kalasi anzake asanafike. Ngati Baibulo lapepala lilipo, agwiritse lomwelo. Lapafoni ndi Mawu a Mulungu ndithu, koma uthenga wa pa WhatsApp umalowa pakati pa ndime.

Asayambire ku Genesis. Ambiri oyambira kumeneko amakathera m'malamulo a nsembe a mu Levitiko, buku n'kutsekedwa. Uthenga Wabwino wa Marko ndiwo woyambira: ndi waufupi pa onse anayi, mitu 16 yokha, ndipo Yesu amaonekamo akuyenda, akuchiritsa, akukwiya, akugona m'chombo. Tsiku limodzi nkhani imodzi, mavesi osapitirira khumi kapena khumi ndi asanu.

Kawerengedwe kake ndi kamene amonke akhala akutsata kwa zaka mazanamazana. Achite chizindikiro cha mtanda, apemphe Mzimu Woyera, awerenge kawiri mosathamanga. Kenako afunefune mawu amodzi amene amugunda. Tiyerekeze kuti wafika pa Marko 10, nkhani ya Bartimeyo wakhungu, pomwe Yesu akumufunsa chimene akufuna kuti amuchitire. Aime pomwepo, funsolo alitenge ngati lake. Ayankhe m'mawu ake enieni, Chichewa chomwe amacheza nacho ndi anzake: fizi yavuta, mayeso ayandikira, bambo akumwa kwambiri, pali mtsikana wina amene wamusokoneza mutu. Pomaliza akhale chete mphindi ziwiri. Gawo lachete limeneli ndi lomwe ambiri amadumpha, chonsecho ndi pomwe pemphero limasiyana ndi kuwerengera mayeso. Kakope kakang'ono kolembamo mawu atsikulo kamathandiza, chifukwa patatha miyezi itatu amatha kubwerera m'mbuyo n'kuona pomwe wadutsa.

Muuzeniretu kuti masiku ouma adzabwera. Adzakhala pansi, adzawerenga, osamva kanthu, maganizo ali ku mpira. Amene sanachenjezedwe amaganiza kuti Mulungu wamutaya kapena kuti ku Katolika kulibe mphamvu, ndipo apa m'pomwe amakopeka ndi malo omwe amalonjeza kugwa pansi ndi ulosi tsiku lililonse. Ngakhale Mayi Teresa wa ku Calcutta anakhala zaka zambiri mumdima woterewu, osasiya kupemphera. Tsiku louma asafupikitse nthawi, angokhalapo mpaka mphindi zake zikwane. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madzulo mphindi zisanu zikwanira, potsata njira ya Ignatius Woyera wa ku Loyola: kuthokoza pa zinthu ziwiri kapena zitatu zotchulika dzina, kuyang'ana tsiku lonse kuyambira m'mawa, kupepesa pomwe walakwa, ndi kupereka za mawa. Kolona nayo musamuumirize zinsinsi zonse zisanu poyamba. Chinsinsi chimodzi, ndiye kuti Atate Athu kamodzi, Tikuoneni Maria kakhumi ndi Ulemu kwa Atate, chimatheka akupita kusukulu kapena kuchigayo.

Sakramenti la Kulapa limavuta pa chifukwa china: manyazi. Mnyamata wotumikira paguwa safuna kuulula kwa bambo mfumu amene amamudziwa dzina. Auzidwe momveka kuti ali ndi ufulu wolapa kwa wansembe wina aliyense, ndiponso kuti wansembe saloledwa kuulula zomwe wamva, zivute zitani. Lamulo la Mpingo limati machimo aakulu alapidwe kosachepera kamodzi pachaka, koma kwa wachinyamata kamodzi pamwezi kapena pa miyezi iwiri n'kwabwinoko. Akadikira chaka, katundu amakula, mantha n'kukulanso.

Pafunikanso munthu wamkulu mmodzi woyenda naye. Kholo la ubatizo kapena la Ulimbitso ndiye woyamba pa udindowu, ngakhale ambiri amangothera pa chithunzi ndi mpunga wa tsikulo. Kukumana kamodzi pamwezi kwa theka la ola n'kokwanira. Mafunso akhale osavuta: pemphero likuyenda bwanji, ndi mawu ati akugwira mwezi uno, chikukulemera n'chiyani. Wamkuluyo amvetsere kwambiri kuposa kuyankhula. Mwana akafunsa chifukwa chake timapempha Maria kuti atipempherere, kapena akanena kuti akukayika ngati Mulungu aliko, musamudzudzule. Akadzudzulidwa kamodzi, funso lotsatira amakafunsa pa TikTok. Ngati yankho simukulidziwa, nenani choncho, mupite naye kwa katekisiti kapena wansembe. Kukumanaku kuchitikire poonekera, masana, makolo akudziwa, ndipo ngati n'kotheka mtsikana ayende ndi mayi, mnyamata ndi bambo.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi yosamuka. Asananyamuke, katengeni kalata kuparishi yomudziwikitsa komwe akupita, mufufuziretu dzina la parishi yakumeneko ndi nthawi ya Misa. Ngati ndi kusukulu, afunse za YCS, gulu la ophunzira achikhristu, sabata yoyamba yomweyo, asanazolowere kugona Lamulungu. Ngati ndi kutauni, apeze mphakati wa dera lake n'kulembetsa. M'chikwama, pamodzi ndi chiponde ndi sopo, mulowe Baibulo, kolona ndi kakope kaja, ndipo woyenda naye uja amuimbire foni Lamulungu loyamba madzulo, amufunse kuti Uthenga Wabwino walero unali wotani.