Mafuta a oregano si antibayotiki ayi

Zaka zikupita koma nkhani iyi siikutha, m'magulu athu a WhatsApp a ku Mbare ndi Highfield ku Harare imangobwerabwera, akuti madontho a mafuta a oregano kapena thyme (zomera zonunkhira zokometsera ndiwo) m'madzi ofunda amapha majeremusi onse m'thupi ndiye za ma antibayotiki iwalani. Abale tatopa nazo.

Zoona zilimo pang'ono. Mu thyme muli mankhwala achilengedwe otchedwa thymol, mu oregano muli carvacrol, mu ma clove muli eugenol, ndipo ku labotale akathira mafutawa pa mabakiteriya m'kambale amafadi. Rosemary nayenso amathandiza kuti mafuta a m'zakudya asaonongeke msanga, n'chifukwa chake pa mapaketi ena mumaona E392, nambala yoimira rosemary. Koma munthu akameza mafuta a zomerazi, chiwindi chimawaphwanya msanga ndipo amene amafika pomwe pali chibayo kapena matenda a chikhodzodzo ndi ochepa zedi, mukati muwonjezere ndiye amatentha m'kamwa ndi m'mimba, a clove amatha kuononga chiwindi cha mwana. Kuthira masambawa mu ndiwo palibe vuto, nkhuku imakomadi.

Uthenga wotere ukabwera funsani kaye, kafukufukuyo anachita m'kambale, pa makoswe kapena pa anthu odwala? Tembenuzani botolo muwerenge, ambiri amalemba okha kuti si akumwa. Mukadutsa pa famase m'tauni funsaninso. Ngati simunapeze yankho chonde musautumize, mwina wina asiya mankhwala a kuchipatala pakati chifukwa cha uthenga womwewo.